Yang'anani Mchombo

Lachitatu belu loweruka likangolira
amathamangira pa simenti yong'aluka kuseri kwa sitandade faifi,
ana makumi atatu ndi mmodzi, mpira umodzi.
Mkombero anatiwotcherera a Bakali pa Kaphatenga,
rimu ya njinga ya kabaza, masipoko tinazula tokha,
ndipo mpaka lero umapendekera ku Lilongwe.

Aliyense akufuna kuponya.
Ngakhale Fatsileni, amene mpira umaposa mutu wake,
akufuna kuponya.
Ndikati lero tiphunzira kutchinga,
nkhope zimagwa ngati ndalengeza mayeso a masamu.

Pindani mawondo, ndikutero.
Osati kugwada, Yusufu, sitikupepesa munthu.
Yesani kuti kumbuyo kwanu kuli mpando
koma mwini wake sanakuuzeni kuti khalani.
Manja tambasulani
monga muchitira polowetsa nkhuku yamakani m'khola.
Mapazi asapingasane. Chammbali, chankhanu,
khwee, khwee, ndimve.
Simenti ya ku Salima mu Okutobala ndi chiwaya
ndipo theka la iwo alibe nsapato,
tsono mapaziwo akusuntha msanga
kuposa mmene ndingadzitamire kuti ndawaphunzitsa ndine.

Mpira ndi wabodza, ndikuwauza.
Maso ndi abodza. Mapewa ndiye akathyali enieni.
Yang'anani mchombo wa mnzanuyo:
mchombo sungapite kumanja mwini wake akulowera kumanzere.
Aseka mpaka wina wagwa chagada,
anyamata akukweza malaya kuyerekeza michombo,
mphindi zisanu zatha choncho.

Kenako Lonjezo.
Sitandade seveni kachiwiri, wamtali ngati mtengo wa mbendera,
nsapato zofiira zochokera kwa achimwene ake ku Joni.
Akudunditsa mpira ndi dzanja limodzi,
linalo akukodola: abwere amene akufuna.
Onse akuyang'ana pansi, akuwerenga nyerere.

Watuluka Asiyatu.
Mawu ake ndimawamva kamodzi patsiku, poitana maina.
Wamangitsa mpango wake, wapinda mawondo,
mutu wake ukulekeza pa thumba la malaya a Lonjezo.

Iye kumanja, mtsikana ali pomwepo.
Kumanzere, ali pomwepo.
Waponya maso kumwamba ngati akuponya mpira,
koma maso akewo palibe akuwaona.
Wazungulira, wabwerera, thukuta layamba,
wayesa kudutsitsa pakati pa miyendo monga anaonera pa foni,
mpira wagunda nsapato yofiira
nugubuduka wokha mpaka ku mjigo.

Zii.
Palibe woomba m'manja,
pajatu palibe chimene chalowa.

Tikutolera mabotolo a madzi ndinamufunsa,
wakuphunzitsa ndani zimenezi?
Mbuzi, madamu.
Amayi akayanika mpunga pa lona amandisiya ndilondere.
Ilipo ina ya kwa aneba, yakuda khutu limodzi.
Ukayang'ana nyanga imakupusitsa.
Ndimayang'ana pachifuwa.
Anatero, nanyamula chikwama chake cha jumbo, napita.

Kope langa la masewera lili ndi mizere iwiri,
dzina, ndi zigoli.
Zaka zinayi ndakhala ndikulemba oponya okhaokha.
Usiku uja magetsi atazima ndinayatsa tochi ya foni,
ndinatenga rula, ndinajambula mzere wachitatu.
Mutu wake sindinaupeze.
Ndilembe chiyani, zimene sizinachitike?
Zigoli zimene zinafera m'njira?
Ndinasiya pamwamba popanda kanthu,
pansi pake ndinaika kachizindikiro kamodzi.

Lachitatu linalo ndinafika msanga kudzasesa mchenga.
Kuseri kwa chimbudzi cha anyamata ndinamva khwee, khwee.
Lonjezo, yekha, nsapato wavula waika pa njerwa,
mawondo opinda, manja otambasula,
akutchinga munthu amene panalibe.
Matako anali m'mwamba kwambiri.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze,
kenako ndinapitiriza kusesa.