Msomali wa M'botolo

Ku Moatize dzimbiri siligona.
Mpope wokoka madzi ku Revubwe
wabookanso pomwe tinawotcherera mu Juni,
madzi akutuluka ofiira ngati msuzi wa nyemba.

A Gervásio Tsokalida sanakalipe.
Anatola misomali pansi pa benchi,
naikwecha mpaka kuwala,
naiyeza pa sikelo, nalemba m'kabuku kawo kothimbirira ndi girisi.

Mankhwala a m'chigubu chabuluu
anangolowa m'madzi ngati shuga m'tiyi,
osadikira n'kutakasa komwe.
Ine ndinati, enieni ndi awa.
Anafikadi pa msomali tsiku lomwelo,
koma Lachitatu, titakhuthula madzi n'kuthira ena,
anapita nawo osatsazika.
Ankakonda madzi kuposa chitsulo.

Ena aja, onunkha ngati oyilo wakupsa,
anakanitsitsa. Ndinakhutchumula botolo mpaka phewa kuwawa,
iwo n'kubwereranso pamwamba,
timaso tamafuta toyang'ana kudenga,
msomali pansi ukutuluka mawanga
popanda woulonda.

Nanga tizigula ati? ndinafunsa.
Mkuluyo anapukuta fumbi la malasha pansidze
nandilozera pazenera,
pa kabotolo kachimbuuzi komwe ndinali nditakaiwala.
“Awo amasungunuka monyinyirika,” anatero.
“Mutu wawo umafuna chitsulo,
mchira umadana ndi chinyezi.
Madzi amangowapatsa matola.
Akafika amatsika, n'kuyala kamphasa
kopyapyala kuposa khoko la anyezi,
ndipo dzimbiri likabwera limapeza potseka.”

Ndinauvuula msomaliwo.
Madontho anagubuduka n'kugwa, osasiya phazi.
Pa sikelo, nambala inali ya tsiku loyamba lija.

Usiku, sitima ya malasha ikukukuta njanji,
foni inawala pa pilo.
Mayi, ali ku Ulongwe:
Mbatata takumba, iwe zii.
Kodi tauniyo yakusungunula?

Ndinalemba, ndinafufuta.
Thukuta la Okutobala linali litanyowetsa shiti.
Ndinaganiza za anzanga amene anasungunukiratu
m'mabala a ku Tete, kuseri kwa mlatho,
ndi za msuweni wanga amene anakana basi
nakhala pakhonde, wouma, akuwerenga magalimoto.

Ndinayankha kuti, pang'ono chabe, amayi,
pongokwanira kuti madzi andinyamule.

Mawa faifi koloko tikatsegula thanki.
Muyeso ndi makapu awiri ndi theka,
ndipo a Gervásio akuti dzanja langa lisanjenjemere.