Majumbo Khumi ndi Anayi

Lamlungu masana ku Prince Albert.
Chipale chofewa chakwirira mpanda mpaka m'chiuno,
ine ndili pathebulo ndi mpeni
ndi anyezi wokwana makilo atatu.
Misoziyi ndi ya anyezi, Tobin, usandiyang'ane choncho.

Mawa m'bandakucha kandege kadzanditenga
kupita kumgodi, kumpoto uko
kumene msewu unatopa n'kubwerera.
Masabata awiri pansi pa nthaka,
ndiye majumbo khumi ndi anayi ayasama kukamwa,
lililonse ndaliimika m'mbale yake kuti lisagwe.

Loyamba, ntchafu za nkhuku, adyo ndi uchi pang'ono.
Lachiwiri n'la Lachiwiri ndithu,
nyemba zakuda zomwe ndabwatitsa kale.
Lachitatu, nyama ya ng'ombe yolimba, yotchipa ija,
imene imangomvera munthu woleza mtima.
Pofika lachisanu ndi chitatu msana wayamba kulankhula
ndipo karoti ndikungomudula mmene wabwerera.

Mchere ayi.
Adokotala anawaletsa bambo anga a Orest,
ngakhale ndikudziwa kuti ali ndi kabotolo kawo
m'thumba la jekete, kuseri kwa chitseko.
Lakhumi n'lawo lokha:
bitiruti, kabichi, fupa la nthiti,
msuzi wofiira womwe mayi ankaphika ataimirira tsiku lonse.
Ine ndauphunzitsa kudziphika wokha.
Iwo amadya, n'kunena kuti ulipo bwino,
kenako n'kuyang'ana pawindo nthawi yaitali.

Ndifinya mpweya ndi chigongono, nditseka,
ndiligoneka chafufumimba ngati kalata
yoti ikawerengedwe ine kulibe.
Pamwamba ndilemba ndi inki yakuda:
Tulutsani usiku, ligone m'furiji.
M'mawa khuthulirani mumphika wamagetsi.
Moto wochepa. Maola asanu ndi atatu.
Ababa, OSAVUNDUKULA.
Adzavundukula basi. Amatero nthawi zonse,
amati chakudya chosasuzumiridwa chimasungulumwa.

Kumgodi kulibe masana.
Koma wotchi yanga ikati folo koloko
ndimaima kaye pambali pa makina
n'kuona khitchini iyi:
nthunzi italenga mikanda pansi pa chivundikiro,
mphika ukung'ung'udza wokha pakona,
fungo likuyenda m'khonde kukachingamira mwana
amene akugwedeza chipale kunsapato zake.
Ndimakhala ndamuphikira ndi manja a sabata yatha.

Tsopano kunja kwada.
Nditsika masitepe ndi mtolo wanga wozizira,
nditsegula firiza, utsi woyera undipuma kumaso.
Ndisanja limodzilimodzi, lomaliza pansi, loyamba pamwamba.
Ndikusuntha nandolo wa chaka chatha
dzanja langa ligunda chinthu chomwe sindinaikemo.

Jumbo lonenepa, lotupa ndi mpweya,
louma mokhota ngati linagona pa mwala.
Mbatatesi yosasenda, zidutswa zina ngati chibakera.
Soseji. Tsabola wochuluka kuopsa.
Zilembo zopendekera kumanzere, zothamanga,
zomwe aphunzitsi ake amadandaula nazo:
15. La amayi. Tsiku lobwera.
Musakhudze, agogo.

Ndaima pamenepo, chitseko chili pululu,
magetsi akungopita,
zala zikuluma ndi kuzizira.
Anyezi ndamusiya m'mwamba muja,
palibenso womunamizira.

Ndilibwezera mmene linalili,
nandolo pamwamba pake, mopendekera momwemo.
Pokwera ndimva awiriwo akukangana
za mpira wa pa ayezi,
wina akuti goloyo wagona, wina akuti wakalamba.
Chikwama changa chili pakhomo, chisoti pamwamba.

Tobin, ndikutero, tulutsa loyamba lisungunuke.
Ndatulutsa kale, akuyankha osacheuka.
Ndipo ndi zoona,
lili m'furiji, pa mbale yabuluu,
layamba kale kutuluka thukuta.