Kuwerenga Chobwerera

Ntchito yanga ndi kugonetsa anthu.
Dokotala amang'amba, amasoka;
ine ndimakhala kumutu, kuseri kwa nsalu yobiriwira,
chala pa mtsempha, maso pa makina,
kumusungira munthu mpweya wake
ngati mbuzi za eni.

Che Mtalika anabwera nawo usiku wa Lachiwiri,
pa kabaza kuchokera kwa Mponda,
matumbo atapotana, mimba itauma gwa ngati ng'oma.
Telala uja wa pakhonde la sitolo, kufupi ndi depoti,
amene sankalemba muyeso wa munthu m'buku:
akakuyeza kamodzi, chiuno chako chalowa m'mutu mpaka kale.
Ndinati, Bambo, werengani chobwerera kuyambira pa teni.
Anamwetulira ululu uli mkati:
Mwanangu, ine ndimawerenga mainchesi.
Teni. Naini. Eyiti.
Pa seveni lilime linalemera,
ndipo seveniyo ndinatsala nayo ine.

Magetsi anathima mimba ili chitsegukire.
Jenereta inatsokomola kawiri isanavomere.
Ndinkawapopera mpweya ndi manja anga,
kufinya, kusiya, kufinya,
nesi akuunika ndi foni,
milomo yawo ikuchita mbuu ngati phulusa.
M'fayilo ndinalemba mphindi zitatu.
Mwina zinali zinayi.

Anadzuka. Tonse tinapumira m'mwamba.
Koma usiku wachitatu kuwodi anazula diripi,
anakwera pabedi kuti apinde katani wa pawindo,
akuitana mkazi wawo ndi dzina la mlongo wawo
amene anatisiya chaka cha njala.

Abiti Sumani anandikola dzanja pakhomo la fiyeta.
Adokotala, amuna anga munawagoneka ndinu.
Nanga mwadzutsawa ndani?

Ndinawauza za m'mabuku:
ukalamba, mphamvu ya mankhwala,
ubongo umene sukhululuka msanga ukamanidwa mpweya.
Nkhungu yotere kwa ena imayera pakatha masabata,
kwa ena imachedwa.
Kwa ena...
pamenepo ndinameza malovu.
Makina ounika m'mutu ali ku Blantyre,
ndalama ya minibasi inathera pa shuga ndi sopo wa kuchipatala.
Chilonda chokha ndicho chinapola bwino,
ulusi tinachotsa pa tsiku lake.

Mwezi wa Okutobala, phula akusungunuka pamsewu wa ku mlatho,
ndinawapeza abwerera pakhonde paja.
Mapazi akukumbukira kupalasa makina,
zala zikudziwa diso la singano.
Ndinatulutsa nsalu imene sindinkaisowa.
Sanandizindikire. Anandifunsa dzina,
anandiyeza phewa, anandifunsanso dzina,
anayezanso phewa lomwelo,
tepi ili m'manja, maso akufunafuna nambala
ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika.

Abiti Sumani anali pa mpando pambali
ndi kope la mwana wa sukulu ndi pensulo yolumidwa.
Nenani mokweza, Che Mtalika, ndilembe.
Sanaphunzire zambiri mayiwa,
manambala awo amatsamira ngati mpanda wa mvula,
koma mutu wa amuna awo tsopano uli m'kope limenelo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sananene kanthu.
Anangotchula mtengo, osachotsera.

Malayawo ndili nawo.
Dzanja lamanzere ndi lalitali ndi inchesi imodzi,
msoko wake wowongoka ngati kale.
Ndimawavala Lachiwiri.

Masiku ano ndisanakhudze jakisoni
ndimayamba ndazungulira kuseri,
kukatsegula ndekha thanki ya jenereta,
kuviika kamtengo, kuona dizilo.
Alonda amandiseka.

Usiku uno pali mayi wa ku Namwera, wogulitsa tomato,
amene amadziwa pamtima angongole ake onse.
Ndamufunsa mayina a ana ake, ndawalemba padzanja langa,
kuti mawa ndikamufunsenso.
Mayi, pumani bwino. Musaope.
Werengani chobwerera kuyambira pa teni.