Mafunso a m'kontena ya ku Dordoi

Chipale chagwanso pa madenga a msika,
ndipo ine, Aizirek, mwana wa Ermek wogulitsa zikwama za mafoni,
ndakhala pa katoni, manja m'khwapa,
makalata awiri a ku yunivesite ali pabondo.
Ina ndi ya konkuno ku Bishkek.
Inayo ya ku Almaty, kutsidya kwa malire,
komwe lendi ya kachipinda kamodzi
imameza zomwe bambo amagulitsa masabata atatu.

Ndinafunsa mayi Cholpon, aphunzitsi a masamu.
Iwo akuti pita ku Almaty, mutu wako ndi wakuthwa.
Sanayang'ane nsapato zanga, zomwe zimamwa madzi.

Ndinafunsa Tilek, wa nyumba yoyandikana nafe,
amene amalembera mapulogalamu kampani ya kutali
ali m'khitchini mwa mayi ake, pakati pa usiku,
maso atafiira ngati wadutsa mu utsi.
Iye akuti pepala n'pepala, amafuna kuona chomwe wapanga.
Koma iyeyo lake analiika mufulemu pakhoma.
Ndiye ndimve mawu ake kapena khomalo?

Akuti safunsa anadya phula.
Ine ndafunsa mpaka kukamwa kwauma,
phulalo ndikulimvabe m'mano.

Kodi ndiphunzire kutsekera akuba osaoneka
omwe amalowa m'banki osathyola chitseko?
Kapena kulumikiza mawaya, ntchito yoti dzanja liigwire?
Akutinso makina ayamba kudzilembera okha.
Nanga ndikadzatuluka, zaka zinayi zitatha,
mpando umene ndikuuthamangirawo
ndidzaupeza ulipo?

Palinso ili, lomwe mayi Cholpon sindinawauze.
Mu Novembala ndinakhuthula chitini cha tiyi,
ndalama ya zilimwe ziwiri,
n'kuitanitsa magalasi a mafoni makumi anayi ku Shenzhen
kwa munthu amene ndimangomudziwa ndi chithunzi cha mphaka.
Nambala ya katundu ndinailoweza ngati pemphero.
Inafika ku Kashgar. Inakwera phiri.
Pa Torugart inaima.
Masiku khumi ndi asanu ndi anayi, osasuntha.

Msonkho amawerengera kulemera kapena mtengo?
Galasi likasweka panjira, amalira ndani?
Fomu ikufuna nambala ya mtundu wa katundu,
ndipo palibe sukulu yomwe inandiphunzitsa
kuti galasi la foni ndi galasi kapena ndi foni.

Bambo anangoseka, akuwuzira tiyi.
Katundu wa panjira si wako, mwana wanga,
ndi wa dalaivala, wa chipale, ndi wa bambo wa chidindo.
Iwo adadikira makontena zaka makumi awiri,
kudikirako kunawapinda msana.

Lachiwiri katoni inafika, ngodya imodzi itaphwanyika.
Asanu ndi awiri osweka.
Ndinawerenga kawiri. Asanu ndi awiri ndithu.
Sindinalire; kunja kunali kozizira kwambiri.

Madzulo mayi wina wogulitsa masokosi mzere wachitatu
anabweretsa foni yong'aluka ngati dothi la chilala.
Ndinatenthetsa m'mphepete, ndinamasula timisomali
tochepa kuposa nthangala za mpiru,
kamodzi kanagwa, tinakasaka tonse atatu chogwada.
Foni itayaka, panatuluka nkhope ya mwana wake
amene amamanga nyumba ku Moscow.
Anaipsompsona, galasi langalo, la pa Torugart,
n'kundilipira ndi ndalama yofunda ya m'thumba la mkati.

Tsopano akutseka zitseko zachitsulo, mzere ndi mzere.
Magalasi atsala makumi atatu ndi awiri.
Makalata aja akadali awiri,
tsiku lomaliza kuyankha ndi Lachisanu.
Bambo akufunsa ngati ndatenga loko.
Ndatenga.
Cholembera ndiye sindikuchiona,
ndipo sindinayambe kuchifunafuna.