Kanema wa Chifalansa pa Bangula

Jenereta yatsokomola kawiri, nsalu ya pakhomo yatsitsidwa.
Tathithikana pa mabenchi ngati milamba m'dengu,
thukuta la Novembala likutsikira m'makutu.
Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife akumva Chifalansa.

Pa sikirini mvula ikugwa mumzinda wopanda fumbi.
Mwamuna wa jekete lakuda wataya chikwama pa mlatho.
Kenaka nkhani yadumpha:
mtsikana akusita malaya mu hotela,
wapolisi akudya yekha, mfuti pambali pa mbale.
"Asakaniza mafilimu awa," akudandaula Alufazema,
"tibwezereni ndalama zathu."

"Dikirani," akutero Bizeki wa pakhomo,
amene wamuonera kale kasanu.
Malaya akusitidwawo ali ndi dontho la magazi pa kolala.
Chikwama chija watola ndi mwana wa wapolisi uja.
Nkhani zakumana ngati Ruo ndi Shire pa Chiromo,
madzi a mitundu iwiri oyenda limodzi asanagwirizane.

Ine maso achoka pa sikirini.
Kutsogolo kwanga kwakhala Esinta,
amene njinga yake inasowa tsiku la msika.
Belu lake ndalimva dzulo pa kabaza wa Zuze.
Zuze anagula kwa mlamu wanga,
mlamu wanga anandibwezera ngongole Lachiwiri,
ndipo ndalama yomweyo ndi imene ndalipira pakhomo.

Mafuta atha wakupha asanagwidwe.
Mumdima wina wayatsa foni,
kuwala kukuyenda pa nkhope zathu, imodziimodzi.
Ndawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato,
ine wovala patapata.