Mlonda pa Sikelo

Ndaweruka mbandakucha, jasi ikununkha utsi wa mbaula,
nkhungu itagona pa mizere ya tiyi ngati bulangete lonyowa.
Amake Ferista alawira kale kukathyola,
dengu kumsana, kapitawo sadikira,
ndiye kabuku ka mwana kagwera ine.

Pansi pa mpeyala, kuseri kwa tchalitchi ku Makwasa,
amayi makumi atatu, mwamuna ndine ndekha.
Wina akusekera m'chitenje poona mmene ndaberekera,
mfundo ili pakhosi, mwana wapendekera kumanzere.

A Namakhwa azaumoyo afika akukankha njinga,
matope ofiira mpaka m'mawondo,
bokosi labuluu lomanga ndi malegeni.
Salitsegula msanga.
Akuti zili m'katimo zimadana ndi dzuwa.

Ndafunsa, poti tulo timachotsa manyazi:
mwanayu akudya, akukwawa, akundikoka ndevu,
nanga jakisoni ngwa chiyani kwa munthu wosadwala?

Andiyang'ana nsapato, andiyang'ana jasi.
Inu si alonda kodi?
M'kabotolomu muli chikuku chomwecho,
koma choguluka mano, chothyoka miyendo.
Sitikuchiza lero, tikungoonetsa nkhope.

Pamenepo ndakumbuka usiku wanga woyamba pa geti la fakitale.
A Mulimba sanayambe n'kundipatsa chibonga.
Anatulutsa chipewa chong'ambika
chimene mbala inasiya pa waya pothawa,
n'kumununkhiza galu, kawiri, katatu.
Chipewa sichiba, chipewa sichimenya,
koma patatha miyezi isanu ndi iwiri,
mvula ili pakati, ife tikusinza,
galu uja anadzuka yekha
mwini chipewa asanakhudze n'komwe loko.

Ndiye kuti m'magazi mwa Ferista muli anzanga,
alonda ang'onoang'ono opanda jasi,
ndipo lero akuwanunkhiza chipewa.
Thupi likafunda pang'ono usiku uno, atero a Namakhwa,
musathamangire kuloza anthu.
Ndi iwowo akuthamanga ndi matochi,
kuimbirana wenzulo, kuloweza fungo.

Mlongo wanga Elube sanaonetsedwe nkhope.
Chaka chimene chikuku chinakwera chitunda cha kwathu
chinapeza mageti onse ali pululu.
Tinaika ana anayi mwezi umodzi.
Elube anatsala, koma maso anapita,
mpaka lero amandizindikira ndi chifuwa changa cha fodya.

Pafupi nane pali mtsikana wa kwa Nampinga,
khanda la masabata asanu ndi limodzi pachifuwa.
Ilo la chikuku silinafikire, miyezi yake sinakwane,
geti limenelo likadali lopanda munthu.
Ntchito yanga imandiuza chinthu chimodzi:
esiteti sailonda munthu mmodzi.
Wa kumadzulo akagona, atibera tonse,
tonse tikakhala maso, ngakhale khomo lopanda loko limafika m'mawa.
Mzere uno wa zitenje ndi maambulera
ndiwo mpanda wa khandalo,
ngakhale ambiri sitidziwa dzina lake.

Dzina la Ferista laitanidwa.
Ndamugwira mkono monga ndigwirira tochi, mosamala batire.
Singano yalowa, yatuluka,
iye watsegula pakamwa kaye, kulira kwabwera pambuyo,
ndipo wandiyang'ana ngati ndamugulitsa.
Amayi aja aseka, ine ndasekanso, mochedwa.

A Namakhwa alemba tsiku lina m'kabuku.
Mudzabwerenso, galu sanunkhizidwa kamodzi.

Tikutsika ndi njira ya m'mabulugamu,
dzuwa latulukira, othyola tiyi akuoneka mitu yokha.
Ine ndikukagona, nthawi yanga yatha.
Mwana wagona kale kumsana kwanga, misozi itaumira patsaya,
koma m'kati mwake wina walowa ntchito,
ya usana ndi usiku,
yosadikira malipiro a pa mwezi,
ndipo adzakhala ali pa geti
ine atandilanda kale jasi.