Kanthu Koyera Pamkono

Imke, mwana wa abwana anga ku Katoto,
ali ndi kanthu pamkono,
koyera, kozungulira ngati chitsekerero cha botolo.
Kamamata ngati nkhupakupa,
n'kumauza foni zonse zimene kamva m'magazi.
Shuga akatsika, foni imalira,
ndipo ine Nyagondwe ndimasiya chikolopa pakati pa khonde
n'kuthamanga ndi kapu ya juwisi.
Anandiphunzitsa bwino:
muvi ukaloza pansi, mumwetse;
ukaloza kumwamba, imbira mayi ake ku ofesi.

Wanga ndi Fiskani.
Zaka zisanu ndi zinayi ngati iyeyo,
matenda omwewo, dzina lomwelo.
Koma iye foni yake ndine.
Ndimamuwerenga m'maso, m'thukuta la pamphuno,
m'mene akuchedwera kuyankha ndikamuitana.
Zinayamba kutiuza ndi nyerere chaka chija,
zitaunjikana pomwe anakodza kuseri kwa bafa.

Kwathu ku Chibavi insulini amagona pansi pa bedi,
m'kamtsuko ka mchenga wonyowa,
ndipo kuzizira kwa Mzuzu kumene ena amatukwana mu Juni
ine ndimakuthokoza.
Timapepala toyezera magazi
ku chipatala anatiwerengera m'manja, kamodzikamodzi,
akuti tifike nato mwezi wamawa.
Ndiye timachita kusankha: m'mawa uno, kapena usiku?
Tsiku limene sitinayeze timangoyenda ngati a kabaza
otsika mtunda mabuleki atatha.
Nsonga za zala zake zadzaza timadontho takuda,
ngati nsalu yosokedwa n'kusomoledwa.

Loweruka lina abwana anapita ku phwando,
ine n'kugona pamatiresi pafupi ndi Imke.
Cha m'ma wani koloko foni inalira.
Ndinamudzutsa, anamwa ali m'tulo, muvi unawongoka.
Ndinakhala tsonga mumdima, mvula yamawawa ili pazenera,
n'kumadzifunsa: nanga kutsidya kwa dambo
akumvetsera ndani?
Mbachi, mlongo wake wa sitandade seveni,
amene tulo take ngakhale bingu silitidula.

Sindimuda mwanayu, ayi.
Amalira pobayidwa monga amalirira wanga,
ndipo amandisungira theka la bisiketi.
Mayi akenso si oipa.
Nditafunsa mtengo anayang'ana pansi, nati
kamodzi kamakhala masabata awiri basi,
ndipo timabwera m'sutukesi ya azakhali ake kuchokera kwawo.
Atatchula ndalama ndinaseka,
monga umasekera ukapunthwa pagulu.
Malipiro anga a mwezi wathunthu
sakanakwana kuphimba kachigamba ka mkono kameneko.

Tsiku losintha, kakale kanagwera m'bini ya kubafa.
Ndinakatola. Sindikudziwa chifukwa chake.
Ndinakamanga pangodya ya chitenje
pamodzi ndi ndalama ya minibasi.

Fiskani anakapeza.
Anakamata pamkono ndi pulasitala ya kuchipatala,
natenga foni yanga yosweka galasi,
n'kumaiyendetsa pamwamba pake
akulira yekha ndi pakamwa: tii, tii, tii.
Amama, taonani, akuti ndili bwino.
Anapita nako kusukulu masiku atatu,
anzake akumufunsa ngati wabwera kuchokera kunja.

Lachinayi anagwa pamzere wa asembule.
Aphunzitsi anamupaka shuga m'kamwa, nadzuka.
Kanthu kaja kanali pomwepo pamkono,
kali chete ngati batani la malaya.

Usiku umenewo ndinakamatula pang'onopang'ono.
Kanasiya bwalo loyera pakhungu lake lakuda.
Ndinawerenga timapepala totsala: tinayi,
masiku khumi ndi limodzi.
Ndinagwira chala chimene chapumako sabata ino,
iye anatembenukira kukhoma,
ndipo tinadikira dontho.